Anthu Opanda Chilakolako Chogonana: Mmene Nkhani Zopeka Zimawajambulira

(NYIMBO YOTSEGULIRA. IKWERE, KENAKA ITSIKE PANSI PA MAWU)

WOULUTSA: Yakwana nthawi ija timacheza za mabuku, makanema ndi masewero. Ndichenjezeretu makolo kuti nkhani ya lero ikukhudza za m'chipinda, ndiye ngati ana ali pafupi ndi wailesi, atumeni akaone ngati nkhuku zonse zalowa m'khola.

(NYIMBO ITHE)

Mu Januwale 2012, kanema wa Fox ku America anaonetsa gawo lina la sewero lotchuka la House. Amene munalionerapo mukumukumbukira dokotala uja woyenda ndi ndodo, wanzeru zoopsa koma wamwano, amene Hugh Laurie ankasewera. M'gawo limenelo, lotchedwa Better Half, mayi wina akuuza dokotala Wilson, mnzake wa House, kuti iye ndi mwamuna wake sagonana, ndipo palibe akudandaula chifukwa onse awiri chilakolako chimenecho alibe. Wilson akumukhulupirira. House akuseka, n'kubetcha madola 100 kuti apeza nthenda imene ikuchititsa zimenezi. Ndipo akuipezadi. Mwamunayo ali ndi chotupa kunsi kwa ubongo, pa kachiwalo kamene kamalamulira mahomoni m'thupi. Mkaziyo naye akuulula kuti chilakolako anali nacho nthawi yonseyi, ankangobisa kuti mwamuna wake asavutike mumtima.

Pa anthu awiri, wina wapezeka wodwala, wina wabodza. Anthu ambirimbiri amene anaonera usiku umenewo anakagona ataphunzira kuti munthu akati safuna zogonana, ndiye kuti akudwala, apo ayi akunama. Koma panali ena amene anaonera mitima ikuwawa, chifukwa iwowo ndi oterodi, sakudwala ndiponso sakunama. Anasainirana kalata yodandaula kwa eni kanemayo. Anthu amenewa ndi amene tikambe za iwo lero.

Pa Chingerezi amatchedwa asexual, ena amangodula kuti ace. Ndi munthu amene sakopeka ndi wina aliyense pa zogonana, kaya mwamuna kaya mkazi, kapena amene zimamuchitikira mwa kamodzikamodzi kwambiri. Ndikudziwa kuti wina kumpandako wanena kale kuti, "Aa, ameneyo anagwa m'papaya." Ayi ndithu. Wogwa m'papaya mtima umafuna, thupi ndi limene limakana. Amene tikunenayu thupi lake likhoza kukhala labwinobwino, ana akhoza kubereka atafuna. Chimene alibe ndi chikoka chija chimamupotoletsa munthu khosi wina akamadutsa. Si gojo, si chumba. Asasokonezedwenso ndi wansembe kapena sisitere amene analumbira kudziletsa. Mnzathu amene anasiya mowa akamadutsa pabala amameza malovu, n'kulimba mtima kupitirira. Wina mowa sunamukomerepo chibadwire, amangodutsa osazindikira n'komwe kuti apa pali bala. Onse awiri samwa, koma amene akulimbana ndi mtima wake ndi woyamba uja.

Alipo ochuluka bwanji? Mu 1948, katswiri wa ku America Alfred Kinsey, atafunsa amuna masauzande angapo za moyo wawo wa m'chipinda, anawandandalika pa mlingo woyambira 0 mpaka 6. Panatsala kagulu kamene sikanakwane paliponse, ndipo iye anangokalemba chilembo X. Mu 2004, Anthony Bogaert wa pa yunivesite ya Brock ku Canada anasanthula mayankho a anthu oposa 18,000 a ku Britain, n'kupeza kuti pafupifupi mmodzi pa anthu 100 alionse anati sanakopekepo ndi munthu aliyense. Apa n'kuti mnyamata wina wa pakoleji, David Jay, atakhazikitsa kale mu 2001 bungwe la pa intaneti lotchedwa AVEN, kumene anthu otere anayamba kupezana ndi kuzindikira kuti sali okha. Mu 2013, buku limene madokotala a matenda a maganizo ku America amatsatira, DSM-5, linanena kuti munthu amene amadzidziwa kuti ndi asexual asamulembe kuti akudwala nthenda ya kuchepa chilakolako. Ndipo pa kalembera wa 2021 ku England ndi Wales, anthu pafupifupi 28,000 analemba okha kuti ndi otere.

Pano ndiikepo mawu amodzi a zaumoyo, kuti wina asandimve molakwa. Ngati chilakolako munali nacho kale ndipo chazilala mwadzidzidzi, kaonaneni ndi dokotala. Shuga, kuvutika maganizo, mankhwala ena a BP ndi zotupa ngati chija cha m'sewero zimachititsadi zimenezi. Cholakwa cha sewero lija si kunena kuti matenda otere alipo. Cholakwa chake n'chakuti silinasiye mpata wa munthu amene anangobadwa choncho.

Dokotala wochiza ndi njira imodzi imene olemba akhala akudzera. Ina, yakale kwambiri, ndi ya munthu wozizira mtima. Tengani Sherlock Holmes, wofufuza milandu uja amene Arthur Conan Doyle anamuyambitsa mu 1887. M'mabuku 4 ndi nkhani zazifupi 56, Holmes sakwatira. M'nkhani ya mu 1891 yotchedwa A Scandal in Bohemia, mnzake Watson akumufotokoza ngati makina oganiza, amene chikondi chingangowasokoneza. Doyle sanamutche asexual, ndi owerenga a masiku ano amene amadzionamo. Koma taonani mtengo umene Holmes akulipira. Kuti owerenga avomereze kuti munthuyu safuna mkazi, wolemba wachita kumuchotsa mtima. Njira imeneyi yabereka ana ambiri m'makanema: katswiri wa sayansi wosadziwa kucheza ndi anthu, chigawenga chopha mosaphethira, loboti, chamoyo chochokera kudziko lina. Wachinyamata amene akudzifunsa kuti kodi ine ndine wotani, akayang'ana pakanema akupeza kuti ofanana naye onse ndi makina kapena zilombo.

Komanso opanga makanema Holmes yemweyo samusiya choncho. Irene Adler, mayi amene m'buku akupezeka m'nkhani imodzi yokha ndipo Holmes akungomulemekeza chifukwa anamuposa nzeru, m'filimu ya mu 2009 ya Robert Downey Jr. wasanduka wapamtima. Steven Moffat, mmodzi mwa amene analemba Sherlock wa BBC, mu 2012 anauza nyuzipepala ya The Guardian kuti Holmes wake ndi munthu wodziletsa ngati mmonke, chifukwa akanakhala wopanda chilakolako, nkhani ikanakhala yopanda mkangano ndiponso yosakoma.

Apa ndi pamene ine ndimasiyana ndi Moffat, ngakhale ndimalemekeza luso lake. Iye akuganiza kuti mkangano wa nkhani umakhala m'thupi mwa munthu basi, kufuna ndi kudziletsa. Waiwala kuti munthu ali ndi abale. Tayerekezani mtsikana wa zaka 30 wafika kumudzi pa Khirisimasi, azakhali amukhazika pamphasa n'kuyamba: "Iwe, ife pelekanipelekani tidzavina liti? Anzako onse ali ndi ana kumbuyo." Amalume akunong'onezana zopita naye kwa sing'anga, amayi akukamba zomutengera kumapemphero. Mtsikanayo amawakonda onsewa, sakufuna kuwakhumudwitsa, komanso sakufuna kukanamiza mwana wa eni kuti amamufuna. Kodi pamenepa nkhani palibe? Sewero lathunthu lili pomwepo, ndipo palibe amene wadwala.

Makolo athu nawo anali ndi nthano ya mtsikana wokana amuna. Alice Werner anailemba m'buku lake la mu 1933, Myths and Legends of the Bantu, monga mmene inkakambidwira kuno, nthawi imeneyo dziko likutchedwa Nyasaland. Mtsikana akukana aliyense womufunsira, mpaka kukubwera mlendo wooneka bwino, iye n'kulola. Kufika kwawo kwa mwamunayo, mlongo wake wamng'ono wodwala maso, amene anamutsatira mokakamira, akumva usiku kuti mlamu wake ndi fisi, ndipo afisi anzake akungodikira kuti mkaziyo anenepe. Mtsikana ameneyu ndi wosankha, si wopanda chilakolako, ndiye tisamuveke dzina limene si lake. Komabe mwana amene akumvera nthanoyi pamoto amatolapo kuti kukana kuli ndi chilango. Onjezanipo mwambi uja wakuti mbeta silola tsiku limodzi, muona chifukwa chake "ayi" wa munthu wotere samveka. Aliyense amangoti nthawi yake sinakwane, sanakumane naye womuyenera.

Buku limene linamva "ayi" ameneyu msanga linachokera ku New Zealand. Keri Hulme, mayi wa magazi a Chimaori, anatha zaka zoposa 10 akulemba The Bone People. Makampani osindikiza mabuku ankafuna kuti alidule ndi kulisintha, iye n'kumakana, mpaka kagulu ka amayi kotchedwa Spiral kanalisindikiza mu 1984. Chaka chotsatira linapata mphotho ya Booker, ndipo aka kanali koyamba kuti munthu wa ku New Zealand aipate.

Mwini nkhani ndi Kerewin Holmes, mayi wojambula zithunzi amene luso lamuthawa, wokhala yekha m'nsanja imene anamanga m'mbali mwa nyanja. Tsiku lina akupeza m'nyumba mwake kamnyamata kosalankhula, Simon, kamene kanapulumuka pa ngozi ya boti. Kudzera mwa kamwanaka akudziwana ndi Joe, bambo wofedwa mkazi amene akukalera. Joe akufika pofuna kumukwatira Kerewin, ndipo iye akukana, n'kumuuza kuti chibadwire sanakopekepo ndi mwamuna kapena mkazi. Joe akufunsa funso limene anthu otere amafunsidwa nthawi zonse: kodi pali amene anakuchita chipongwe? Kerewin akuti palibe, anangokhala choncho. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Hulme sanamupange mayi ameneyu kukhala mngelo kapena chipale. Kerewin amamwa mowa kwambiri, amasuta, amawedza nsomba, amadziwa kumenya, anakangana ndi abale ake. Mavuto ali nawo mulu, koma kusafuna mwamuna sikuli pa mulu umenewo, ndipo bukuli likutha iye asanasinthe pa chimenechi. Ndichenjeze amene angalifune kuti ndi buku lolemera. Joe amamukonda Simon koma amamumenya mwankhanza zoopsa, ndipo owerenga ambiri mpaka lero amatsutsa kuti wolemba anamukhululukira msanga. Hulme mwiniwake ananena poyera kuti ndi asexual. Anamwalira mu Disembala 2021.

Tidumphire ku Japan. Mu 2016, Sayaka Murata anapata mphotho ya Akutagawa ndi kabuku kakafupi kamene pa Chingerezi kanatuluka mu 2018 ndi mutu wakuti Convenience Store Woman. Murata iye mwini anagwirapo ntchito kwa zaka zambiri m'timasitolo tija ta ku Japan totsegula usana ndi usiku, ndiye akulemba zimene akuzidziwa. Keiko Furukura ali ndi zaka 36, ndipo 18 mwa zimenezi wagwira m'sitolo imodzimodzi. Sanakhalepo ndi chibwenzi, zogonana sizimamukhudza, ndipo ntchito yake amaikonda ndi mtima wonse. Amene sakugona tulo ndi anzake akusukulu ndi mng'ono wake.

Atatopa ndi mafunso, Keiko akutola Shiraha, mwamuna waulesi, wamwano, wangongole, amene anachotsedwa ntchito pa sitolo yomweyo, n'kumusunga kunyumba kwake. Palibe chikondi, palibe kukhudzana. Shiraha amakhala m'bafa akuseweretsa foni, Keiko n'kumamupatsa chakudya ngati chiweto. Tsono mverani zimene zikuchitika. Anzake atangomva kuti m'nyumba mwa Keiko muli mwamuna, akukondwa ngati kwabadwa mwana. Palibe akufunsa kuti mwamunayo ndi wotani. Mng'ono wake atamva kuti mlamuyo ndi wovuta, akumukalipira mwamphamvu koma nkhope ikuwala, ndipo Keiko akuzindikira kuti mbale wakeyo angasangalale kukhala ndi mkulu wake wa mavuto a m'banja ngati wina aliyense, kusiyana ndi mkulu wake wamtendere amene ali yekha. Keiko sadzipatsa dzina lililonse m'bukuli, ndipo ndi munthu wachilendo pa zinthu zinanso zambiri, choncho ena amati Murata wabwereranso kwa munthu wozizira mtima uja. Ine sindikuona choncho. Nyali ya wolemba yaunika anthu omuzungulira Keiko, ndipo amene akuoneka odabwitsa pamapeto ndi iwowo.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikucheza za mmene nkhani zopeka zimajambulira anthu amene alibe chilakolako chogonana ndi wina aliyense.

Pakanema zinthu zayenda motsimphina. Sewero la ku New Zealand la Shortland Street linali m'gulu la oyambirira, cha m'ma 2008, pamene Gerald Tippett, wolandira alendo pachipatala, anazindikira kuti ndi asexual. Ku America kuli Jughead Jones wa m'timabuku ta zithunzi ta Archie, amene kuyambira 1941 ankathawa atsikana n'kumathamangira chakudya. Mu 2016 wolemba Chip Zdarsky ananena m'nkhani momwemo kuti Jughead ndi asexual. Chimwemwe sichinakhalitse. Chaka chotsatira sewero la Riverdale linamutenga Jughead yemweyo n'kumupatsa chibwenzi, Betty. M'sewero la Sex Education, mu 2020, mtsikana Florence akudandaula kuti mwina ndi wowonongeka, mlangizi n'kumutsimikizira kuti ali bwinobwino. Ndi mphindi zochepa zokoma, kenaka Florence sakumvekanso. Mu 2023 sewero lomwelo linabweretsa mtsikana wina, O, mothandizidwa ndi Yasmin Benoit, womenyera ufulu wa anthu otere ku Britain. Sewero litatuluka, Benoit anadandaula poyera kuti mbali zofunika zinadulidwa, ndipo O anatsala akuoneka ngati woipa wa nkhaniyo. Kuitana mlangizi n'kosavuta, mpeni umakhala ndi wodula filimu.

Amene anachita bwino ndi katuni, ndipo katuni yake ya hatchi yoledzera. BoJack Horseman wa Netflix ndi nkhani ya akuluakulu ya hatchi yolankhula imene inali yotchuka pakanema kale, pano ikungomwa ndi kulakwira anthu. Pampando wa pabalaza pake pamagona mnyamata wosagwira ntchito, Todd Chavez, amene mawu ake ndi a Aaron Paul. Todd ndi wosiyana kotheratu ndi Sherlock Holmes. Ndi wansangala, wachifundo, wamalingaliro opusa a bizinesi, wokondedwa ndi aliyense. Kumapeto kwa chigawo cha mu 2016, mtsikana amene ankamufuna akumufunsa mosapita m'mbali ngati amakonda amuna anzake. Todd akuti ayi, komanso sakuganiza kuti amafuna akazi, mwina iye sali mbali iliyonse. Papita chaka chathunthu asanalimbe mtima kutchula dzinalo, mu 2017. Olemba sanathamange, anamupatsa nthawi imene munthu weniweni amatenga.

Kenaka anachita chinthu chanzeru. Todd akupeza chibwenzi cha asexual mnzake, Yolanda, ndipo woonera akuganiza kuti basi zatheka. Sizikutheka. Awiriwa akusiyana chifukwa kupatula chimenecho palibenso china chowalumikiza, Yolanda ndi wadongosolo, Todd ndi wosokonekera. Mmene zilili kwa wina aliyense, kufanana pa za m'chipinda sikumanga banja. Todd akudzapeza womuyenera, Maude, chakumapeto kwa sewero lonse.

Wina afunsa kuti, chibwenzinso cha chiyani ngati safuna zogonana? Apa pali zinthu ziwiri zimene ambiri timaziphatikiza. Kufuna kugona ndi munthu ndi china, kumukonda moti ukufuna kukhala naye moyo wonse ndi chinanso. Ena mwa anthu amenewa chikondi chachiwirichi ali nacho, amafunsira, amakwatira, amachita nsanje. Claire Kann analemba za wotere mu Let's Talk About Love mu 2018. Alice, mtsikana wachikuda wa ku America wogwira ntchito mulaibulale, wangosiyidwa kumene chifukwa cha nkhani yomweyi, ndipo akuopa kumuuza Takumi, mnyamata amene wayamba kumukonda. Khungu la Alice lili ndi tanthauzo pamenepa. Kwa zaka mazana, nkhani za azungu zakhala zikujambula munthu wakuda ngati wachilakolako chosefukira, moti Yasmin Benoit, amenenso ndi wachikuda ndipo amajambulitsa zovala, amauzidwa kawirikawiri kuti sakuoneka ngati asexual. N'chifukwa chake mu 2019 anayambitsa kampeni yoti anthu otere azionetsa nkhope zawo, kuti dziko lione kuti alibe maonekedwe amodzi.

Filimu ya ku Lithuania ya mu 2023, Slow, imene inapatsa Marija Kavtaradze mphotho ya wotsogolera filimu ku Sundance, inakhudza pamene ena amazemba. Elena ndi wovina, munthu amene amalankhula ndi thupi lake. Dovydas ndi womasulira chinenero cha manja cha anthu osamva, ndipo akumuuza Elena msangamsanga kuti iye ndi asexual. Akukondana zenizeni. Koma Elena akufuna kumva kuti mwamuna wake akumukhumba, ndipo chimenecho Dovydas sangamupatse ngakhale atayesa bwanji. Filimuyi sikuimba mlandu aliyense. Njala ya Elena ndi yoona, malire a Dovydas ndi oona, ndipo woonera akungowamvera chisoni onse awiri.

Ena tsono alibe ngakhale chikondi cha chibwenzicho, ndipo amatchedwa aromantic. Alice Oseman wa ku Britain, amene iye mwini ndi wotere, analemba Loveless mu 2020, ndipo bukuli linapata YA Book Prize mu 2021. Georgia akupita ku yunivesite ya Durham atatsimikiza kuti kumeneko akapeza chikondi ngati cha m'mafilimu amene amawakonda. Poyesa kudzikakamiza akupweteka mnzake wapamtima, Jason, amene ankamukondadi. Zinthu zonse zazikulu zimene mabuku ena amasungira chibwenzi, kupepesa pagulu, kuthamangira munthu usiku, kulonjeza kuti sindidzakusiya, Oseman wazipereka kwa mabwenzi. Bukuli pena limaphunzitsa kwambiri mpaka kumveka ngati kalasi, koma linalembedwera achinyamata amene mawu amenewa akuwamva koyamba, ndiye ndimalikhululukira.

Limene ine ndimalikonda pa onse ndi sewero la ku Japan la magawo 8, Koisenu Futari, kutanthauza anthu awiri osagwa m'chikondi, limene NHK inaonetsa mu 2022 ndipo analemba ndi Erika Yoshida. Sakuko amagwira kulikulu la kampani ya masupamaketi. Satoru amagwira mbali ya ndiwo zamasamba m'sitolo ina ya kampaniyo, ndipo amakhala yekha m'nyumba imene agogo ake anamusiyira. Onse awiri safuna chibwenzi, safuna zogonana, komanso safuna kukalamba okha. Ndiye akugwirizana zokhala nyumba imodzi ngati banja lopanda chikondi cha mwamuna ndi mkazi. Mafunso amene akutsatira ndi a tsiku ndi tsiku. Aphika ndani? Makolo tikawauza chiyani? Satoru sakonda kukhudzidwa ngakhale dzanja, nanga achita bwanji pamene akuyenera kunamizira chibwenzi pamaso pa abale a Sakuko? Wina akafuna kusamukira kutali chifukwa cha ntchito, banja lotereli latha kapena lilipobe? Funso lalikulu pansi pa onsewa ndi limene munthu aliyense wosakwatira amalidziwa, lakuti ndikadzadwala adzandiphikira phala ndani. Moffat akanaonera seweroli akanaona kuti mkangano ulipo wokwana magawo 8.

Kufupi ndi kwathu kuno, Jordan Ifueko, wobadwira ku America kwa makolo a ku Nigeria, anatulutsa Raybearer mu 2020, nkhani ya ufumu wopeka wotchedwa Aritsar umene wakhazikika kwambiri pa miyambo ya kumadzulo kwa Africa. Mwana wa mfumu, Ekundayo, amene anzake amangomuti Dayo, ndi mnyamata wofatsa, wokonda anthu mopitirira muyeso. Akuululira mnzake Tarisai kuti zogonana sazifuna n'komwe. Vuto n'lakuti iye ndi wolowa ufumu, ndipo dziko lonse likuyembekezera kuti adzabereke womulowa. Ifueko anaona bwino kuti m'madera ambiri a mu Africa chipinda cha munthu si chake yekha, muli mbumba, muli dzina la mtundu, muli mpando. Kwa Achewa mlandu wa Dayo ukanatha msanga, paja ufumu amalowa ndi mwana wa mlongo, ndiye mfumu ikhoza kufa yopanda mwana mpando osagwedezeka. Kwa Angoni, kumene mpando umatsata mwana wa bambo, madoda akanakhalira nkhani imeneyi mpaka dzuwa kulowa.

(NYIMBO YOTSEKERA IYAMBE PANSIPANSI)

Nthawi yatithera, omvera. Ana aja akhoza kubwerera tsopano. Tidzakumanenso sabata ya mawa nthawi ngati yomweyi. Tsalani bwino.

(NYIMBO IKWERE MPAKA KUTHA)